Eni Malole ndi Amkhalapakati ku America

M'mwezi wa May 1 2020 eni malole anaimika magalimoto ao pafupi ndi White House ku Washington, naliza mahutala masiku ambiri. Mlandu wao unali ndi amkhalapakati, amene amapangana mtengo ndi mwini katundu, napereka ulendowo kwa mwini lole atatapapo gawo lao, osagulako mafuta kapena tayala limodzi lomwe. Palibe wokana kuti mkhalapakati ali nayo nchito yake. Koma nchifukwa ninji abisa mtengowo kwa munthu wogona pamseu? Lamulo la dzikolo lilola mwini lole kuona chimene mwini katundu analipira. Komabe amkhalapakati ambiri amsainitsa pangano lotaya ufuluwo, ndipo akakana, katunduyo apita kwa wina.