Ngodya Yopanda Dzina

Usiku wozizira tikakoka bulangete, sitifunsa kuti analiomba ndani, pakuti tidziwa kuti linacokera ku fakitale. Kale sizinali tero. M'mapiri a Appalachia, kum'mawa kwa United States of America, m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, cofunda ca pabedi cinali nchito ya manja a mai wa m'nyumba.

Nchitoyo inali kuyambira m'khola ndi m'munda: kumeta nkhosa, kutsuka ubweya, kuupesa ndi kuupota. Ulusi wa m'litali unali wa thonje kapena wa fulakesi, ndipo wopingasa, wotulutsa maluwa a nsaluyo, unali wa ubweya. Utoto wa buluu unali kucokera ku comera ca indigo, wofiira ku mizu ya madder. Popeza coombera ca m'nyumba cinali copapatiza, mai anali kuomba zigawo ziwiri kapena zitatu, nazilumikiza ndi msoko. Dzanja likalemera lero ndi kupepuka mawa, maluwa sanali kukumana pa msokowo. Cotero cofunda cabwino cinali umboni wa mtima wodekha kwa masabata ambiri.

Malangizo a kaombedwe anali kulembedwa pa timapepala tatitali, timene mwana wamkazi anali kulandira kwa amai ake ngati cuma. Mtundu uliwonse wa maluwa unali ndi dzina lake, monga Whig Rose ndi Chariot Wheel. Koma dzina la woomba silinali kuoneka, cifukwa coombera cake cinali kutulutsa mizere ndi timabokosi cabe, osati zilembo.

Mu 1804 Joseph Marie Jacquard wa ku France anakonza makina oomba zithunzi ndi zilembo, ndipo m'zaka za m'ma 1820 anafika ku America. Amisiri owagwiritsa nchito, ambiri a iwo amuna, anali kuomba pa ngodya dzina lao, malo ndi caka, ngakhale kuti kawirikawiri ubweyawo unali wopotedwa ndi amai kunyumba. Lero amisiriwo adziwika, pamene oomba zofunda zambiri za m'nyumba anaiwalika.

Ena anaona kuti nchito yotere siyenera kufa. Mu 1895 mai wina wa ku North Carolina anapatsa mmishonale Frances Goodrich cofunda cakale monga mphatso. Iye anacita naco cidwi kwambiri, nayambitsa Allanstand Cottage Industries kuti amai a m'mapiri azigulitsa zoomba zao. Mu 1912 Eliza Calvert Hall wa ku Kentucky anatulutsa buku lonena za zofunda zimenezi ndi amai amene anaziomba.

Nkhaniyi ndi yakutali, koma funso lake lili m'nyumba zathu. Kodi ana athu adziwa amene anaumba mtsuko wakale uli pakhonde, kapena amene anasoka nsalu ya pa guwa la ku chalichi kwathu? Nchito zambiri zimene zisunga banja zilibe ngodya yolembapo dzina. Cakudya cidyedwa, covala cing'ambika, ndipo wozikonza akamwalira timaona cabe kuti m'nyumba mwazizira.

Buku la Nchito za Atumwi, mutu 9, litiuza za Tabita wa ku Yopa. Atamwalira, amai amasiye anaonetsa Petulo Woyera zobvala zimene iye anasoka, ndipo Luka Woyera analemba dzina lake m'zinenero ziwiri, Tabita ndi Dorika. Eklezia woyamba sanapeputse nchito ya singano.

Nafenso tisadikire tsiku la maliro kuti tionetse zimene amai athu anapanga. Madzulo ano, pamene banja lasonkhana kupemphera, titenge cinthu cimodzi copangidwa ndi manja, tiuze ana dzina la amene anacipanga, ndipo timupempherere. Ngati ali moyo, timuthokoze iye akumva.