Osathamangitsa akuluakulu mbande zisanamere

Nthawi zonse Malawi Queens ikagonja, nyimbo yake imakhala imodzi. Pa wailesi, m'maminibasi a pa M1, ngakhale mu stafu rumu pa nthawi ya tiyi: "Chotsani nkhalamba zija, muike ana!" Aphunzitsi anzanga ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, ine nyimbo imeneyi ndikuikana. Ndi maganizo aulesi, ndipo akutibisira vuto lenileni.

Tiyambe ndi kumene nkhaniyi amaiwerengera ndalama, ku NBA, ligi ya basketball ya ku America. Chaka chilichonse matimu 30 amasankha osewera atsopano, ambiri ochokera m'makoleji, pa mwambo wotchedwa draft. Timu imene yachita moipa imakhala ndi mwayi waukulu wosankha moyambirira. Mwayi wosankhawu amatha kuugulitsa kapena kuusinthanitsa ndi wosewera wodziwa kale. Choncho mwini timu aliyense amayenera kuganiza: ndigule akatswiri a lero, kapena ndisunge mbewu ya mawa?

Mu 2013 Brooklyn Nets inasankha akatswiri a lero. Inatenga Kevin Garnett wa zaka 37 ndi Paul Pierce wa zaka 35 kuchokera ku Boston Celtics, n'kupereka mwayi wake wosankha ana wa zaka zingapo. Chikho sichinabwere, ndipo pasanathe zaka ziwiri onse awiri anali atachoka. Mwayi uja ndi umene unabweretsa Jaylen Brown ku Boston mu 2016 ndi Jayson Tatum mu 2017, ndipo mu 2024 Boston inatenga chikho. Nets inadya mbewu.

Koma a "muike ana" musasangalale msanga. Philadelphia 76ers inayesa njira yanuyo. Inachotsa odziwa n'kudzaza timu ndi anyamata kuti izigonja ndi kusankha moyambirira. Mu 2015-16 inapambana masewero 10 okha mwa 82. Ana amene akuphunzira kugonja usiku uliwonse, opanda wamkulu wowauza kuti izi si zoyenera kuzolowera, amakula ndi chiyani?

Amene anachita mwanzeru ndi San Antonio Spurs. Mu 1997 anasankha Tim Duncan koma sanathamangitse David Robinson. Awiriwa anatengera limodzi chikho mu 1999 ndi 2003, kenako Robinson anapuma. Mu 2014 Duncan, ali ndi zaka 38, anatenganso chikho pamodzi ndi Kawhi Leonard wa zaka 22, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse mu fainolo. Wolandira ndodo uja anaipatsira wina asanakhale pansi.

Kwathu kuno tinazionapo zimenezi pa ntchemberembaye. Pa Commonwealth Games ya ku Delhi mu 2010, Mary Waya anali atapitirira zaka 40, ndipo m'timu yomweyo munali Mwai Kumwenda wa zaka 21. Akanamvera anthu ofuula aja, mwanayo akanayamba yekha opanda womuonera. Mu 2015 ku Sydney, Mwai anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa World Cup. Mu 2018 ku Gold Coast, Queens inagonjetsa New Zealand 57-53, dziko lonse n'kuvina.

Tsono taonani zimene zinatsatira. Mu 2022 ku Birmingham komanso mu 2023 ku Cape Town tinathera pa nambala 7, pamene Uganda inali pa nambala 5 maulendo onse awiri. Mayina ngati Mwai Kumwenda, Towera Vinkhumbo, Joyce Mvula ndi Takondwa Lwazi anali ku Gold Coast ndipo analinso ku Cape Town. Anthu anati n'chifukwa chake tinatsika. Ine ndikuti ayi. Osewera amenewa anapitiriza kuitanidwa chifukwa anali akadali oposa ena onse amene analipo. Mlandu si wa amene anakhalitsa. Mlandu ndi wa amene anayenera kulera owalanda malo.

Ndiye funso n'lakuti, draft ya Malawi ili kuti? Ife tilibe makoleji a masewera ngati a ku America. Draft yathu ndi bwalo lafumbi la kuseri kwa makalasi, kuno ku Mlangeni, ku Lizulu, ku Tsangano ndi kwina konse. Mwai anachokera kumudzi ku Mzimba, osati ku akademi ya ndalama. Koma pitani m'masukulu ambiri lero: tsiku la masewera linasanduka la makalasi owonjezera, mpira umodzi wophulika uli m'kabati, mitengo ya zigoli inadyedwa ndi chiswe. Mtsikana wamtali wa Fomu 2 amamaliza MSCE opanda womuonetsa kaimidwe pansi pa chigoli. Kenako anthu omwewo amene anatseka bwalolo ndi amene amafuula kwambiri kuti Queens yakalamba.

Mlimi wa nthochi amadziwa bwino. Sadula mtengo umene uli ndi mkoko chifukwa choti wakula, ndiponso sazula ana onse a m'mbali. Amasiya mwana mmodzi kapena awiri kuti azikula mumthunzi wa mayi wake.

Pempho langa ndi ili. Ahedi, bwezerani masana amodzi pa sabata ku masewera, ndipo ndalama ya masewera igule mipira. Aphunzitsi anzanga, popanga timu ya sukulu musadzaze a Fomu 4 okhaokha kuti mupambane mpikisano wa chaka chino. A Fomu 1 awiri kapena atatu azilowa m'bwalo, osati kunyamula madzi. Inu ophunzira anga akale amene munasewerapo, mukabwera kutchuthi dutsani pabwalo, muwaonetse ang'ono anu zimene mukudziwa.

Tikachita zimenezi kwa zaka zisanu, sipadzafunikanso kufuula kuti nkhalamba zichoke. Mwana wodziwa mpira amalanda yekha malo, ndipo wamkulu amapereka yunifolomu akumwetulira.