Mayi asaimbidwe mlandu wa kaleredwe

Mphekesera zikamveka kuti mnyamata wa pakhomo pena amakopeka ndi amuna anzake, chala chimathamangira kwa mayi. Ankamusasatitsa, ankamutuma kusinja ndi kutsuka mbale, anakulira pakati pa alongo okhaokha bambo ake ali ku Joni. Ena amaloza sukulu yogonera komweko, ena mafilimu a pafoni.

Maganizowa si a kwathu kuno kokha. Mu 1962 dokotala wa ku America, Irving Bieber, analemba kuti amuna otere amachokera m'nyumba ya mayi wolamulira ndi bambo wosalabadira mwana. Koma amene anawafufuzawo anali anthu omwe ankalandira kale chithandizo kwa madokotala a maganizo. Mu 1981 akatswiri a Kinsey Institute anatulutsa zimene anapeza atafunsa anthu pafupifupi 1,500 a dera la San Francisco, ndipo mfundo ya Bieber inasowa poimira.

Kaleredwe kakanakhala ndi mphamvu imene anthu amakapatsa, kakanaoneka pa David Reimer. Iye anabadwa mu 1965 ku Winnipeg, m'dziko la Canada, ndipo mdulidwe wa kuchipatala unamuwononga maliseche ali khanda. Katswiri wina, John Money, analangiza makolo kuti amulere ngati mtsikana. Anamutcha Brenda, namuveka madiresi, namugulira zidole, atasinkhuka namupatsa mankhwala omeretsa mawere. Mwanayo sanagonje: ankalimbirana zoseweretsa za m'bale wake ndipo ankafuna kukodza choimirira. Atauzidwa zoona ali ndi zaka 14, anabwerera ku umuna, ndipo mu 1990 anakwatira mkazi. Makolo ndi madokotala anagwirizana zaka zonsezo, koma mtima wake sunakhote. Anadzipha mu 2004.

Kafukufuku wa mapasa zikwi zingapo ku Sweden, wofalitsidwa mu 2010, anapeza kuti kwa amuna, kukulira m'nyumba imodzi sikunaonetse mphamvu iliyonse pa za kukopeka ndi amuna anzawo. Kwa akazi kunaonetsa pang'ono chabe. Chodabwitsa china chinachokera kwa ofufuza Ray Blanchard ndi Anthony Bogaert. Mnyamata amene ali ndi akulu ake aamuna ambiri amakhala ndi mpata wokulirapo wokopeka ndi amuna. Wina angati ndi kutengera zochita za akuluwo, koma mu 2006 Bogaert anasonyeza kuti owerengeka ndi obadwa mimba imodzi basi, ngakhale ataleredwa kutali. Ana opeza omwe wadya nawo mbale imodzi alibe gawo. Zikuoneka kuti nkhani yagona m'mimba, mwana asanaone dzuwa.

Izi sizikutanthauza kuti zonse zili m'magazi. Mu 2019 ofufuza anayeza majini a anthu oposa 470,000 ndipo sanapeze jini imodzi yolamula zimenezi.

Malo amene munthu ali amasinthadi zochita zake, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezera. M'makomponi a migodi ya ku Johannesburg, komwe agogo athu ambiri anapita pa Wenela, akazi sankaloledwa, ndipo amuna ena ankatenga anzawo ngati akazi. Kontilakiti ikatha, ambiri ankabwerera kwa akazi awo. Za kundende n'chimodzimodzi. Malo amalamulanso ngati munthu angaulule kapena abise mpaka kumanda, koma kubisa si kusintha.

Amene anayesa kusintha anthu ndi amene akuchitira umboni. Bungwe lachikhristu la Exodus International linayesa kwa zaka zoposa 30 ndi mapemphero ndi uphungu, koma linatseka mu 2013, mtsogoleri wake Alan Chambers atavomereza kuti pafupifupi onse amene ankawadziwa sanasinthe, ndipo anapepesa.

Za chikhulupiriro ndi malamulo anthu apitiriza kutsutsana. Koma ankhoswe, abusa ndi atsibweni amene amaitanidwa nkhani yotere ikabuka m'banja aleke kufunsa mayi kuti analakwitsa pati, ndipo aletse chikwapu pa mwanayo.