Njinga mwagula, nanga laisensi?

Lero ndilankhuleko za laisensi. Ena mundida, koma ndinena basi.

Masiku ano mwana akalekeza sukulu, amalume ake a ku Lilongwe kaya ku Joni amamugulira njinga yamoto kuti aziyendetsa kabaza. Ndi thandizo labwino ndithu. Koma ndalama yonse imathera pa njingayo, za laisensi palibe amazikumbuka. Mnyamata aphunzira Loweruka pa bwalo la mpira, Lolemba wayamba kale kunyamula amayi oyembekezera kupita nawo kuchipatala.

Lamulo la pamsewu la 1997 silisiyanitsa tauni ndi mudzi. Aliyense woyendetsa akhale ndi laisensi yogwirizana ndi chimene akuyendetsacho. Njinga yamoto ili ndi gulu lake, la A. Ya B ndi ya galimoto yaing'ono, siyoyendetsera lole. Ndipo mvetsani apa inu ogula: mwini wake akapereka makiyi kwa munthu wopanda laisensi, nayenso walakwira lamulo. Kukhala ku Area 25 sikukupulumutsani.

Chinanso, laisensi imatha. Tsiku lake linalembedwa pa khadi pomwepo, ndipo kuliyang'ana ndi udindo wa dalaivala mwini, osati bwana wake kapena wapolisi. Mawu oti "ndayendetsa zaka 20 osagunda ngakhale nkhuku" sagwira ntchito pa rodibuloko.

Chindapusa ndi nkhani yaing'ono. Yaikulu ndi tsiku la ngozi. Munthu wathyoka mwendo mu Disembala, nthawi yopalira, munda wonse wagonera. Mukapita kwa a inshuwalansi, choyamba kufunsa ndi mapepala a dalaivala. Akakhala opanda kapena otha ntchito, nkhani imavuta. Mapeto ake mabanja awiri amudzi umodzi akukokana kwa amfumu, mbuzi zikugulitsidwa.

Ndikudziwa muti ndalama zavuta, ndiponso maofesi a Road Traffic ali kutali, ku Lilongwe, Blantyre, Zomba kaya Mzuzu. Zoona zimenezo, ndipo boma lizibwera nazo pafupi ntchitozi. Koma amene wakwanitsa njinga yonse angalephere sukulu yoyendetsa ndi thiransipoti? Ikani zonsezi pa mtengo wa njinga musanagule. Ndipo mwanayo apite yekha akayesedwe, azijambulidwa zala yekha. Za madobadoba zija mumangotaya ndalama, luso sagula.

Ifenso alimi tili ndi mbali yathu. Mabelo a fodya opita ku Kanengo kaya Chinkhoma ndi thukuta la chaka chathunthu. Pa maliro timakwera anthu thoo mu lole imodzi. Bwanji timachita manyazi kunena kuti, "Achimwene, tione nawo laisensi"? Safunsa anadya phula. Dalaivala wolongosoka sakwiya, amangotulutsa.

Madalaivala athu, usiku uno tulutsani khadi muone deti. Inu a m'tauni, imbani foni mufunse mwana uja.