Kabudula wa Mnyamata ndi Dzuwa la Okutobala

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Minga palibe munthu afunikira kuuzidwa. Timitsinje tiuma, fumbi likwera m'mbali mwa mseu wa Great East, ndipo kumunsi ku Nyimba ndi m'cigwa ca Luangwa kutentha kukula kotero kuti ndi mbuzi zomwe zithawira pansi pa nkhokwe. Munthu wamkulu adziwa kufuna mthunzi. Amene akhala padzuwa kuyambira m'mawa kufikira madzulo ndi anyamata aang'ono, a zaka 5 kufikira 12, popita kusukulu, kubusa, kokumba mbewa ndi kubwalo la mpira. Lero tifuna kukamba za zimene ana amenewa abvala m'nyengo ya cilimwe. Ena adzati nkhaniyi ndi yocepa, yosayenera tsamba lino. Ife tiona kuti pa kabudula wa mnyamata palembedwa mbiri ya dera lathu lonse, ndiponso kuti mbiriyo yatifikitsa pamalo pamene sipakondweretsa.

Makolo akale a Ansenga, monganso Acewa oyandikana nao, anali kutenga cobvala kuthengo. Munthu anali kusenda khungwa la mombo kapena la kacere, nalibviika, nalisula ndi cibonga kufikira litafewa ndi kutambasuka. Nsalu imeneyi ndiyo ciwondo, ena amati nyanda. Panalinso zikopa za mbuzi ndi za nyama zazing'ono za m'thengo, zimene anali kuzifewetsa ndi manja ndi mafuta. Kamwana kakang'ono kanali kuyenda cabe ndi mkuzi m'cuuno, osacita manyazi, pakuti panalibe woseka. Mnyamata akayamba kutsata anzake kubusa ndi kugona kugowelo, ndipo anali kumpatsa kacidutswa ka ciwondo kapena ka cikopa kopisa pakati pa miyendo. Angoni a Mpezeni atafika m'dziko lino ndi ng'ombe zao, abusa ao anali kuoneka ndi zikopa momwemo. Cobvala cotere cinalibe ulemerero, ndipo sitinena kuti tibwererenso kumeneko. Koma cinali ndi nzeru yake: thupi linali kupuma, thukuta linali kuuma, ndipo cikang'ambika mtengo wina unali pafupi.

Tisaganize kuti nsalu inabwera ndi Mngelezi. Anthu a m'zigwa za Zambezi ndi Luangwa anali kulima thonje ndi kuomba nsalu yolimba yochedwa macila kale kwambiri. Apwitikizi anali ndi malo a malonda ku Zumbo, pamene Luangwa athira mu Zambezi, kuyambira zaka zoyamba za m'ma 1700, ndipo Acikunda anali kukwera ndi nsalu ndi mikanda kudzasinthana ndi minyanga, nthawi zina ndi anthu amene. M'zaka za m'ma 1800 kunamveka merikani, nsalu yoyera ya thonje yoombedwa ku America, imene inali kudzera ku Zanzibar, ndiponso biriwita wakuda uja. Nsalu zimenezi zinali cuma. Zinali za mafumu, za akulu ndi za akazi okwatiwa. Mnyamata anali womaliza pamzere, ndipo cimene cinali kumfika ndi nsanza yotsala pamene atate ake aitaya.

Zinthu zinatembenuka Angoni atagonjetsedwa ndi asilikali a Angelezi mu 1898. Pofika 1901 msonkho wa nyumba unali utayamba, masheleni atatu pa caka, ndipo ndalama sizinali kumera m'munda. Amuna a ku Petauke anayamba ulendo wapansi wopita ku mapulazi ndi migodi ya Southern Rhodesia, ena kufikira ku Joni, ndipo pambuyo pake ku migodi ya mkuwa. Pobwera, bokosi la munthu wa kunchito linali ndi bulangete, nsalu ya amai, ndi kabudula wa khaki. Khakiyo nayenso ndi mlendo wocokera kutali. Asilikali a Angelezi ku India ndiwo anayamba kumbvala m'zaka za m'ma 1840, ndipo dzina lake m'cinenero ca kumeneko litanthauza fumbi. Anadza kuno pa matupi a asilikali, apolisi ndi amesenjala a pa Boma. Koma dzina lakuti kabudula ndi lathu, locokera ku kubudula, ndiko kudula cinthu kuti cifupike. Ababemba ati kaputula, ndipo Aswahili ati kaptula.

Amene anabveka mnyamata kabudulayo ndi sukulu. A Dutch Reformed Church anatsegula misyoni ya Nyanje mu 1905, pambuyo pake Hofmeyr ndi Merwe, ndipo ansembe a White Fathers anakhazika Minga m'zaka za m'ma 1920. Poyamba ana a m'masukulu a kumidzi anali kubwera ndi cimene anali naco, kansalu kokulunga m'cuuno kapena malaya a atate ofika m'maondo. Pang'ono ndi pang'ono malaya a manja aafupi ndi kabudula wa khaki zinasanduka cizindikilo ca mwana wa sukulu. Nsaluyo inali kugulidwa pa mkono m'masitolo a Amwenye, amene anayamba ku Fort Jameson nafalikira ku Katete, Sinda ndi Petauke, ndipo pakhonde la sitolo panali telala ndi makina ake a Singer opondera ndi phazi. Telalayo anali kudziwa nchito yake. Anali kusoka kabudula wamkulu dala, nasiya nsalu yopinda m'munsi, kuti mwana akule naye zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka asiyire mng'ono wake. Akang'ambika kumbuyo anali kuikidwa cigamba, cigambaco nacilandiranso cigamba cinzake. Akulu ambiri amene awerenga tsamba lino adzakumbukira kabudula wa zigamba ziwiri zoyang'ana kumbuyo ngati maso.

Kabudula uyu analinso ndi mwambo wake. Buluku wautali anali wa munthu wamkulu, ndipo tsiku limene mnyamata analoledwa kumbvala linali tsiku losaiwalika. Pa cifukwa comweco, amuna akulu amene anali kukakamizidwa kubvala kabudula pa nchito za m'nyumba za Azungu, naitanidwa ngati ana, anali kumva kunyozedwa. Motero ufulu utabwera mu 1964, anthu ambiri anaona kabudula monga cotsala ca ukapolo, ndipo maganizo amenewo sanathe konse mpaka lero. Tiwamvetsa. Koma colakwa cinali kucepetsa munthu wamkulu, ndipo nsaluyo inalibe mlandu.

Zaka zotsatira ufulu zinapatsa dziko ciyembekezo cakuti lidzadzibveka lokha. Fakitale ya Kafue Textiles inayamba kuomba nsalu ca m'ma 1970, ndipo ya Mulungushi ku Kabwe, yomangidwa ndi thandizo la dziko la China, inatsegulidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Ku Livingstone ndi ku Ndola kunali mafakitale osoka. Thonje la mlimi wa kum'mawa linali kugulidwa ndi Lintco, ndipo mbali yake inali kubwerera kumudzi monga citenje ndi yunifomu. Suti ya manja aafupi imene Dr Kenneth Kaunda anaikonda inali yoyenera dzuwa lathu, ndipo atelala anali kusoka tating'ono take ta ana pa Khisimisi. Sitibisa kuti zobvala za masiku amenewo zinali zodula, ndi kuti cuma citabvuta m'zaka za m'ma 1980 zinasowa m'masitolo, ana ambiri nayenda ndi nsanza.

M'njala ya zobvala imeneyo ndimo munalowa salaula, amene kuno kum'mawa timuchanso kaunjika. Boma la Frederick Chiluba litatsegula malonda mu 1991, mabelo a zobvala zakale ocokera ku Ulaya ndi ku America anadzaza misika, kucokera ku Soweto mu Lusaka kufikira pansi pa mtengo wa mango pa Minga. Lintco inagulitsidwa mu 1994. Mafakitale ambiri osoka anatseka, wa ku Kafue analeka, ndipo wa Mulungushi anaima mu 2007.

Pano tiyenera kunena zoona, pakuti pali anthu ophunzira amene akonda kutukwana salaula ali m'maofesi ozizira. Salaula anabveka mwana wa mlimi. Mai amene kale sakanatha kugulira mwana wake malaya ngakhale amodzi pa caka, anayamba kugula awiri kapena atatu atagulitsa nkhuku kapena mkoko wa nthoci. Manyazi a usiwa anacepa m'midzi yathu, ndipo cimeneco si cinthu cacing'ono.

Koma belo silisankha nyengo. Zobvala zambiri za m'menemo zinasokedwera ana a maiko a cisanu, ndipo zina zatsopano zochipa zimene zadzaza masitolo ndi za nailoni ndi poliyesita, nsalu zopangidwa kucokera ku mafuta a pansi. Yang'anani anyamata pa Okutobala. Wina ali mu jinzi yolemera, wina mu juzi ya cipewa cakumutu, ndipo ambiri ali mu jezi yonyezimira ya Chipolopolo, ya Arsenal kapena ya Manchester United. Jezi imeneyi ana aikonda, sicedwa kuuma, ndiponso sing'ambika msanga, ndico cifukwa cake makolo aigula. Komatu nsalu yotere yochipa simwa thukuta monga thonje. Igwira fungo, ndipo ana ena amatuluka nayo tizilonda ta thukuta m'khosi ndi kumsana. Coopsa koposa ndi moto. Thonje likagwira moto lipsa n'kukhala phulusa, pamene nailoni asungunuka n'kumata pakhungu. Cilimwe ndiyo nyengo ya lupsa ndi yofukiza mbewa kuuna, ndipo amene ali pafupi ndi moto umenewo ndi mnyamata yemweyo.

Codabwitsa ndi cakuti cigawo ca kum'mawa ndico cimodzi mwa zigawo zolima thonje kwambiri m'Zambia. Mnyamata wa ku Petauke athandiza makolo ake kupalira ndi kuthyola thonje. Thonjelo licotsedwa njere m'makina, limangidwa m'mabelo, ndipo lambiri lituluka m'dziko lisanaombedwe. Mwana amene analithyola atsala mu nailoni.

Kodi tingacitepo ciani? Kuyambitsanso mafakitale a nsalu ndi nchito ya Boma ndi eni cuma, ndipo tidzapitiriza kuifunsa. Koma pali zina zimene ziri m'manja mwathu caka cino. Mai posankha pa mulu wa salaula akhoza kukhudza nsalu ndi kuimva ngati ndi ya thonje, pakuti za thonje zirimo zambiri ndipo mtengo wake susiyana kwenikweni. Malaya otakasuka, a mtundu wowala, ndi kabudula wosathina ndizo zoyenera masana. Jinzi ndi juzi zisungidwire Juni ndi Julaye.

Kabudula naye ali ndi malire ake, ndipo tiyenera kuwachula. Madzulo, makamaka mvula ikayandikira, udzudzu uluma miyendo yosabvala, motero mwana afunika buluku wopepuka ndi neti pogona. Kucigwa kumene kuli kashembe, nchenche ya tsetse, makolo adziwe kuti nchenche imeneyi ikopeka ndi nsalu yakuda ndi ya buluu, ndico cifukwa cake misampha yake ikhala ya mitundu yomweyo. Khaki wakale uja anali bwino pamenepa. Mwana wa cialubino ndiye asayende konse ndi manja ndi miyendo padzuwa. Iye afunika malaya a manja aatali, buluku ndi cipewa ca mlomo waukulu, pakuti dzuwa limpsereza ndi kumbweretsera khansa ya pakhungu, ndipo sukulu iyenera kumlola kubvala motero popanda kumfunsa kawiri. Ndiponso zobvala za ana zisayanikidwe pansi. Nchenche ya mphutsi iikira mazira pa dothi ndi pa nsalu yonyowa, mphutsizo n'kulowa m'khungu. Kuyanika pa cingwe padzuwa ndi kusita ndi simbi ya makala kuthetsa bvuto limeneli.

Mau athu olemera apita kwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo. Pamene Boma la Levy Mwanawasa linayambitsa maphunziro aulere a Giredi 1 kufikira 7 mu 2002, linanenetsa kuti yunifomu si yokakamiza ndi kuti mwana asabwezedwe cifukwa ca kuisowa. Mu 2022 maphunziro aulere anafika mpaka Giredi 12. Ndi cinthu cosayenera kuti mnyamata amene wayenda makilomita angapo padzuwa abwezedwe pakhomo la kalasi cifukwa ca mtundu wa kabudula. Ndi cosayeneranso kuti komiti, pofuna kuti sukulu ioneke ngati ya m'tauni, isankhire ana aang'ono buluku wa poliyesita, tayi ndi nsapato zotseka m'kalasi ya malata opanda siling'i. Aliyense amene anakhalapo pansi pa malata otere masana a Okutobala adziwa kuti mutu wa mwana sungagwire masamu m'menemo.

Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu mmodzi, ndipo mbali ina ndi yophunzitsira acinyamata nchito za manja ndi yothandizira magulu a amai ndi acinyamata. Usoki uli m'gulu la nchito zimenezo. Masukulu a Petauke ndi Nyimba ali ndi ana zikwi zambiri, ndipo aliyense afuna malaya ndi kabudula caka ndi caka. Tipempha makomiti a citukuko a m'mawodi kuti pamsonkhano wao wotsatira aitane atelala a pa Minga, pa Nyimba ndi pa Boma la Petauke, awerengere pamodzi mtengo wa nsalu ya thonje pa mita, naone ngati gulu limodzi lingayambe kusokera sukulu ziwiri kapena zitatu Januwale asanafike.