Khadi la ngongole si sopo wochapira dzina

Abale ndi alongo, makamaka inu amene mukukhala ndi kugwira ntchito ku South Africa, ndiloleni nditsutse uphungu wina umene wafala kwambiri pakati pathu. Uphunguwo umati munthu amene ali pa debt review afunefune njira yopezera khadi la ngongole, azigulira tinthu ting'onoting'ono monga mafuta a galimoto kapena mayunitsi, azibweza mwezi ukatha, kuti podzamaliza ngongole zakale dzina lake lidzakhale litayera kale pamaso pa mabanki. Onena zimenezi amalankhula mwachidaliro ngati anthu oidziwa njira. Ine ndikuti uphungu umenewu ndi wosocheretsa, ndi wotsutsana ndi lamulo, ndipo ukhoza kubwezera munthu m'dzenje limene anatsala pang'ono kutulukamo.

Tiyambe takumbutsana chimene debt review ili. Lamulo la National Credit Act la mu 2005, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 June 2007, linatsegula khomo kwa munthu amene ngongole zamufika m'khosi. Munthuyo amapita kwa mlangizi wa za ngongole wolembetsedwa ku bungwe la National Credit Regulator. Mlangiziyo amawerengera malipiro ake ndi zofunika za pakhomo pake, n'kukambirana ndi onse amene anamukongoza kuti ndalama yobweza pamwezi itsike, nthawi yobwezera italike, ndipo nthawi zambiri chiwongoladzanja nacho chichepe. Dongosololi limatsimikizidwa ndi khoti la majisitireti kapena National Consumer Tribunal. Kuyambira pamenepo munthu amapereka ndalama imodzi pamwezi, imene imagawidwa kwa okongoza onse, ndipo malinga ngati akulipira mokhulupirika, okongozawo sangamukokere kukhoti kuti amulande galimoto kapena nyumba. Chitetezo chimenechi n'chachikulu, koma sichibwera chokha.

Gawo 88 la lamuloli limanena mosapita m'mbali kuti munthu amene wapempha debt review asalowenso m'pangano lina la ngongole, ndiponso asagulirenso kanthu pa khadi kapena pa akaunti ya m'sitolo imene anali nayo kale. Khadi la ngongole ndi pangano la ngongole, ngakhale mutagulira buledi mmodzi. Gawo lomwelo limachenjeza wokongoza kuti akabwereketsa ndalama kwa munthu wotere, khoti likhoza kugamula kuti anakongoza mosasamala. Limachenjezanso wokongola kuti ngongole imene watenga mophwanya lamuloli sidzapeza konse chitetezo chimene ngongole zinazo zili nacho. Tanthauzo lake n'loti zikadzavuta simudzatha kuiponya m'gulu la zinzake kuti mlangizi akuchepetsereni. Idzakhala yanu nokha, ndi chiwongoladzanja chake chonse.

Nanga dzinalo lingayere bwanji? Mukangolembetsa, mlangizi amadziwitsa okongoza onse ndi mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga TransUnion, Experian ndi XDS, pasanathe masiku 5 a ntchito. Mabungwewa amaika chizindikiro pa dzina lanu chosonyeza kuti muli pa debt review. Banki iliyonse yotsata lamulo ikaona chizindikirocho imakana pempho lanu isanayang'ane n'komwe malikisi amene muli nawo. Chizindikirochi sichifufutika chifukwa choti mwagula mafuta n'kubweza pa nthawi yake. Chimachoka ndi chikalata chimodzi chokha, chotchedwa clearance certificate kapena Form 19, chimene mlangizi amapereka mukamaliza kulipira. Munthu wofunafuna khadi ali pa debt review ali ngati wopaka laimu kunja kwa nyumba imene chitseko chake chili chokhoma ndipo kiyi ali kwina.

Uphunguwu sunamere wokha. Unachokera m'maiko monga America ndi Britain, kumene kuli makhadi opangidwira anthu ofuna kukonza mbiri yawo, okhala ndi malire otsika ndi chiwongoladzanja chokwera. Ngakhale kumeneko nkhaniyi si yachidule monga oitola amaifotokozera. Ku England, munthu amene ali pa dongosolo lotchedwa IVA saloledwa kukongola ndalama yoposa £500 popanda chilolezo cha woyang'anira dongosololo, ndipo mbiri ya IVA imakhala pa dzina lake zaka 6, kaya ali ndi khadi kaya alibe. Abale athu ena amatola chidutswa cha uphungu wa ku London n'kuchitula ku Johannesburg osafunsa ngati malamulo akufanana. Safunsa anadya phula.

Tiyerekeze kuti mwa njira ina khadilo mwalipeza. Tiwerengere limodzi. Ku South Africa chiwongoladzanja cha khadi chimaloledwa kufika pa repo rate ya Reserve Bank kuwonjezerapo 14 peresenti pachaka. Repo rate ikakhala pa 7 peresenti, ndiye kuti 21 peresenti. Palinso ndalama yoyendetsera akaunti, imene imatha kufika R60 pamwezi musanaikepo VAT, kapena R69 mutaikapo. Pachaka imeneyo ndi R828, imene mungalipire ngakhale mutamabweza zonse mwezi ndi mwezi. Mukatsala ndi R5,000 pa khadilo chaka chathunthu, chiwongoladzanja chokha chimapitirira R1,000. Ndalama zimenezi zichokera kuti? Bajeti ya munthu wa pa debt review inawerengedwa kale mpaka pa senti: ya lendi, ya chakudya, ya thiransipoti, ya sukulu, yotsalayo ya okongoza. Khadi lidzadya chimodzi mwa zimenezi, ndipo mwezi wina lidzadya ndalama ya okongoza. Mukaphonya kulipira, wokongoza ali ndi ufulu wobwerera ku pangano loyamba ndi kukutengerani kukhoti. Galimoto imene mwaitchinjiriza zaka 3 ikhoza kupita chifukwa cha khadi la R5,000.

Otsutsa adzati: "Ife tidzadziletsa, tidzabweza zonse mwezi uliwonse." Sindikunyoza munthu. Ambiri amene ali pa debt review sanafikepo chifukwa cha kumwaza ndalama. Ena ntchito inawathera, ena anaika maliro atatu chaka chimodzi, ena akusenza banja la ku Joni ndi la kumudzi pa malipiro amodzi. Koma ndiye pamenepo pali ngozi. Uthenga ukadzabwera usiku kuti mayi agonekedwa m'chipatala ku Mzimba kapena ku Chipata, ndani wa ife adzasiye khadi lili m'thumba n'kunena kuti limeneli n'logulira mafuta okha? Khadi silidziwa chifukwa chimene munalitengera. Lamulo linatseka khomo limeneli podziwa kuti munthu wopanikizika salephera kulowa pakhomo lotseguka.

Tsono popeza banki yotsata lamulo idzakukanani, amene adzakuvomereni ndani? Woyamba ndi mashonisa, katapila wa kumeneko, amene satumiza mbiri yanu ku bungwe lililonse, choncho ngakhale mutamubwezera mokhulupirika dzina lanu silipindula kanthu. Ena a iwo amasunga khadi la kubanki ndi chiphaso cha wokongola, zomwe lamulo limaletsa. Wachiwiri ndi aja olengeza pa Facebook ndi WhatsApp kuti mukawalipira adzachotsa dzina lanu pa debt review m'masiku ochepa. Bungwe la National Credit Regulator lachenjezapo anthu za otsatsa oterowo. Khoti likatsimikiza kale dongosolo lanu, njira yotulukira ndi kumaliza kulipira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yachitatu ndiyo imandiwawa koposa: kutenga khadi m'dzina la mlongo, la mlamu kapena la mwana amene wangoyamba ntchito. Taganizani bwino. Mukabweza mokhulupirika, mbiri imene ikukoma ndi ya mwini dzina, osati yanu. Mukalephera, dzina lodetsedwa ndi lakenso. Inu simupindula chilichonse, koma mwaika mbale wanu pa ngozi. Ndipo okwatirana mwa dongosolo loti katundu ndi ngongole n'za onse awiri dziwani kuti mumalowa pa debt review limodzi. Akazi anu kapena amuna anu si khomo lakuseri.

Ndivomereze chimene chili choona mu uphunguwu, chifukwa bodza lokopa limakhala ndi kachoonadi m'kati. N'zoona kuti mbiri yabwino imamangidwa ndi ngongole yaing'ono yobwezedwa pa nthawi yake, mwezi ndi mwezi. Cholakwika ndi nthawi. Mbewu yabwino yodzalidwa mu Ogasiti imangopsa m'nthaka. Mukadzalandira Form 19, lamulo limalamula mabungwe aja kufufuta chizindikiro cha debt review pamodzi ndi mbiri ya kulephera kulipira kumene kunakufikitsani kumeneko. Chiyambire kusintha kwa lamulo kumene kunayamba kugwira ntchito mu 2015, chikalatachi chikhoza kuperekedwa ngakhale ngongole ya nyumba isanathe, malinga zina zonse zatha ndipo ya nyumbayo mukulipira bwino. Pamenepo ndiye mungatsegule akaunti imodzi yaing'ono, ngati mukuifunadi.

Pakadali pano ntchito yokonza dzina ilipo, ndipo siifuna khadi. Lipirani mwezi uliwonse osadumpha. Sungani sitetimenti iliyonse yosonyeza m'mene ndalama yanu yagawidwira, ndipo muzionetsetsa kuti wokongoza aliyense akulandiradi gawo lake. Lamulo limakupatsani ufulu woona mbiri yanu kwaulere kamodzi pachaka ku bungwe lililonse losunga mbiri. Itengeni, muiwerenge, ndipo mukapeza cholakwika dandaulani, pakuti bungwelo lili ndi masiku 20 a ntchito oti lifufuze. Mukapeza bonasi kapena ndalama ya ovataimu, uzani mlangizi wanu kuti ipite ku ngongole, nthawi ifupike. Ngongole iliyonse ikatha, pemphani kalata yotsimikizira kuti yatha. Ndipo R69 ija imene mukanapatsa banki mwezi ndi mwezi, isungeni pambali kuti tsiku la uthenga wa usiku lidzakupezeni muli ndi kanthu m'manja.

Kwa inu amene mumafalitsa uphungu wa khadiwu, ndikupemphani kuti musanauzenso munthu wina, muwerenge gawo 88 la lamulo lija. Mbale wanu akadzalandidwa galimoto imene amapitira kuntchito, simudzakhalapo kuti mumulipirire. Kwa inu amene muli pakati pa ulendowu, mwina chaka chachiwiri, mwina chachinayi, ndikudziwa kuti n'zowawa kukanidwa ngakhale foni ya pangongole pamene anzanu akusintha magalimoto. Pirirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Malizani kulipira, landirani chikalata chanu, kenaka tidzakambirane za makhadi.