Mwana Adziwe Kumene Madzi Achokera ndi Kumene Amuka

Pali chithunzi china chimene aliyense amene anakhalako pa benchi la sukulu m'dziko muno amachikumbukira: dzuwa lili pamwamba, nyanja ili pansi, mivi ina ikukwera kumka ku mitambo, ina ikutsikira pa phiri lopanda dzina. Mwana akachijambula bwino, naika mawu a Chingerezi m'malo mwake, mphunzitsi amachonga, mwanayo nakhoza mayeso. Koma poweruka amaoloka mtsinje umene sadziwa gwero lake, nakagona m'nyumba yomangidwa pakamwa pa khwawa, osazindikira konse kuti zimene anajambula m'mawa zija ndi mbiri ya phiri lomwelo limene lili kuseri kwa nyumba ya amake. Ine ndinena kuti maphunziro otere a nthaka, madzi ndi nyengo ndi operewera, ndipo kuperewera kwake tikukulipira ndi miyoyo ya anthu.

M'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osakata, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe, ndipo m'chigawo chonse cha kumwera anthu mazanamazana anatisiya, ena a iwo osapezeka ndi mitembo yomwe. Ambiri tinati zotere sizinaonekepo, chinkana zinaoneka ku Zomba mu Disembala 1946, zinaonekanso ku Phalombe mu Malichi 1991 pamene phiri la Michesi linagumuka. Makolo athu ankati wadutsa Napolo, ndipo sindili m'gulu la amene amawaseka, pakuti ndi dzina limenelo iwo ankasunga chikumbutso cha njira zimene chigumula chinadzera, nachenjeza ana awo kuti madzi saiwala khwawa. Ife tataya chenjezo la akulu tisanagwire nzeru za m'sukulu, ndipo tatsala chimanjamanja pakati pa ziwirizi.

Komatu chimene chimagumula phiri si chinsinsi chozama choti mwana wa Sitandade 6 sangachimve. Dothi la pamtsetse limakhala lochepa, logona pamwamba pa thanthwe. Mvula ikagwa masiku otsatizana, dothilo limamwa madzi kufikira litalemera, madzi ena nalowa pakati pa dothi ndi thanthwe, kotero kuti chimene chinali chogwirana chimayamba kuterereka, makamaka kumene mitengo yokhala ndi mizu yozama inatha ndi nkhwangwa ya wootcha makala. Ndipo phiri lisanagwe kawirikawiri limaonetsa zizindikiro: nthaka imang'ambika, akasupe amatumphuka pamene panalibe kasupe, mitengo ndi mapolo zimapendekeka, mtsinje umada bii ndi matope kapena kuphwa mwadzidzidzi mvula ili mkati, ndipo kumtunda kumamveka kugunda kosaleka. Mwana amene waphunzira zimenezi angathe kudzutsa banja lonse. Amene anangoloweza chithunzi cha mivi chija adzagona tulo pamodzi ndi makolo ake.

Adzati ena, monga anenera nthawi zonse, kuti sukulu zathu zilibe zipangizo, ndi kuti mphunzitsi mmodzi wosamala ana odzaza chipinda mpaka pakhomo sangachite zoposa choko ndi bolodi. Kusowako ndi koona, ndipo sindikupeputsa. Koma taonani chitini chopanda kanthu, cha mbali zowongoka, chokhazikidwa pa chitsa pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse belu lisanalire mwana mmodzi aviikemo rula, alembe m'kope mamilimita a mvula ya dzulo, akhuthule madziwo. Akauzidwa kuti milimita imodzi ya mvula yogwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lita imodzi ya madzi, adzawerengera yekha kuti mvula ya mamilimita 20 pa denga la mamita 10 ndi mamita 8 ndi malita 1,600, ndiwo ndowa 80 za malita 20, zonse zothamangira pansi tsiku limodzi, pamene alongo ake akupanga mzere pa mjigo. Kope limenelo likasungidwa zaka khumi, mudzi udzakhala ndi umboni wakewake wa tsiku limene mvula yobzalira imayamba ndi utali wa ng'amba ya mu Januwale, m'malo motsutsana pa bawo kuti kale kunkagwa mvula yotani.

Za nyanja ndi mitsinje dziko lathu ndi buku lokwanira. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, ndipo popeza ili ngati mbale yosaya yosiyidwa padzuwa, mvula ikachepa zaka zotsatizana imaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, nitsala pang'ono kutheratu mu 2018, asodzi a matemba a ku Kachulu nasiya mabwato awo pa matope ouma. Nyanja ya Malawi nayo imataya madzi ambiri ngati nthunzi kuposa amene amatuluka mu Shire, ndipo Shire yemweyo, amene amatembenuza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, analeka kutuluka m'nyanja kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935. Ndi ana angati a Fomu 4 amene anamvapo zimenezi?

Pa za kusintha kwa nyengo ndipempha aphunzitsi asamale kwambiri, chifukwa pali chisokonezo chimene chafala m'nyimbo za ana ndi m'zolankhula za pa tsiku lobzala mitengo, chakuti nyengo yasintha chifukwa amayi a m'mudzi atola nkhuni. Kudula mitengo kumakokolola nthaka, kumaumitsa akasupe, kumadzaza mitsinje ndi mchenga, ndipo mlandu umenewo ndi wathu, tiuvomere. Koma kutentha kwa dziko lonse lapansi kwadza makamaka ndi mpweya wotuluka pootcha malasha, mafuta ndi gasi, umene maiko a mafakitale akhala akuutulutsa zaka zoposa zana, ndipo gawo la Malawi pamenepo ndi laling'ono zedi. Mpweyawo umasunga kutentha, nyanja zikuluzikulu zimafunda, ndipo madzi ofunda ndiwo chakudya cha anamondwe. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia, nadutsa nyanja ya Indian Ocean, nayenda pafupifupi masabata asanu asanatipeze. Mwana aphunzire kusiyanitsa chimene manja ake angakonze ndi chimene ayenera kuchikonzekera ndi kukachinenera pa bwalo la maiko, kuti asasenze tchimo la eni ake, komanso asapeze pothawira pa tchimo lake.

Tsono popeza ana ambiri a dziko lino sapitirira Sitandade 8, sikokwanira kusungira nzeru zimenezi ochepa amene adzasankhe jogalafe ku sekondale. Inu a Unduna wa Zamaphunziro, ndi inu akuluakulu okonza silabasi ku Malawi Institute of Education, amene mumagwira ntchito m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi womwewo, ikani phunziroli ku pulayimale, lolani kuti lifotokozedwe m'chinenero chimene mwana angakabwereze kwa agogo ake madzulo, phunzitsani aphunzitsi m'makoleji kutuluka ndi ana kukayendera khwawa la kwawo, ndipo a MANEB afunse mwana aliyense dzina la mtsinje umene amamwa, kumene uchokera ndi kumene uthira.